Ndili ndi Open Water, kodi ndingalowe m'phanga la kasupe?

Wa ku Matawale:
Akuluakulu, thandizeni. Ndili ndi satifiketi ya Open Water ya ku Cape Maclear, ija yoyambira ya kubira pansi pa madzi ndi silinda ya mpweya. Anzanga akuti m'mapanga a kasupe madzi amakhala oyera mbee, ndiye munthu atha kulowa mamita 20 ndi tochi n'kubwerera. N'zoona?

Wa ku Chinamwali:
Ayi achimwene, musayese. Open Water imakulolani kufika mamita 18 pamalo pomwe mukathedwa nzeru mumangokwera n'kutulukira pamwamba. M'phanga pamwamba panu pali mwala.

Madzi oyerawo ndiye msampha. Pansi pamakhala matope osalala ngati ufa woyera. Mukangopalasa miyendo mokweza ndi kutsitsa, matope amavunduka, thovu la mpweya wanu nalo limagwetsa zinyalala za kudenga, ndipo simuonanso ngakhale dzanja lanu. Tochi sithandiza pamenepo. Chimakutulutsani ndi chingwe chosaduka chomwe chamangidwa kunja kwa phanga, mumachigwira momasuka pakati pa chala chachikulu ndi chamkombaphala osachikoka. Ophunzira za m'phanga amayeserera kuchitsatira atatsekedwa m'maso, amapalasa ngati chule kuti matope asadzuke, ndipo aliyense amanyamula matochi atatu.

Wa ku Domasi:
Tiwerengere mpweya. Silinda ya malita 12 pa 200 bar (bar ndi muyeso wa kupanikizika kwa mpweya) ili ndi malita 2,400 a mpweya. Tinene kuti mumapuma malita 20 pa mphindi muli kumtunda. Pa mamita 30 mumadya kanayi, malita 80, ndiye silinda yonse ndi mphindi 30 zokha. M'phanga mpweya umagawidwa patatu: gawo limodzi lolowera, lina lotulukira, lachitatu la mnzanu zake zikavuta. Mukayamba ndi 210 bar, mumatembenuka pa 140, zivute zitani. Munthu wamantha amapuma mowirikiza, masamu onsewa n'kusokonekera.

Onaninso komwe madzi akulowera. Pa kasupe madzi amatuluka, ndiye polowa mumalimbana nawo, potuluka amakukankhani. Pali mapanga ena omwe amameza madzi. Kumeneko mumalowa mosavuta, mavuto n'kudzayamba pobwerera, ndipo kugawa patatu kuja sikukwanira. Silinda imodzi yokhala ndi regulator (chopumira cha pakamwa) imodzi si chida cha m'phanga.

Wa ku Sadzi:
Bambo a ku Domasi anena zoona, koma kuya nako kumapha ngakhale akatswiri. Kupitirira mamita 30, nitrogen imaledzeretsa: munthu amayang'ana geji osamvetsa zomwe akuona. Cha pa mamita 56, oxygen ya mumpweya wamba imafika pa mlingo wa 1.4 bar, ndipo kupitirira apo imatha kugwetsa munthu khunyu, regulator n'kuchoka pakamwa. N'chifukwa chake opita kozama kwambiri amasakaniza helium mumpweya wawo. Ku Boesmansgat, ku Northern Cape m'dziko la South Africa, Deon Dreyer anafera komweko mu 1994. Dave Shaw, katswiri weniweni, anatsikira mamita 270 mu Januwale 2005 kukatenga mtembowo, chingwe chinamukola ndipo sanatuluke wamoyo.

China chomwe ife a ku Zomba timaiwala ndi phiri. Nyanja ya Malawi ili pafupifupi mamita 470 kuchokera pa mulingo wa nyanja yamchere, pomwe nsonga ya Malumbe pa phiri la Zomba yadutsa mamita 2,000. Mukabira m'mawa ku Mangochi madzulo n'kukwera ku Chawe, nitrogen yotsalira m'thupi imatha kupanga thovu m'magazi ndi m'mfundo. Dikirani monga amachitira okwera ndege: maola osachepera 12 mukabira kamodzi, 18 mukabira kangapo.

Wa ku Chinamwali:
Ngati mtima uli pomwepo achimwene, yambani ndi kosi yotsatira ya Advanced, muzolowere kuyandama osakhudza pansi, kenako kosi ya cavern, yomwe simuchoka pomwe kuwala kwa dzuwa kukuoneka. Anzanuwo afunseni kuti chingwe adzamanga ndani.