Zomwe zachitika chifunsireni za kusowa anzanga ku Area 25

Mwezi wathawu ndinafunsa kuti munthu wosamukira kumene ku Lilongwe, wopanda wachibale pafupi, angazolowerane bwanji ndi anthu. Zikomo nonse amene munandiyankha.

Ambiri munati ndisamajombe pamaliro, ndipo munanena zoona. Kutagwa zovuta kuseri kwa nyumba yathu, ndinanyamula ndowa yanga n'kukakhala ndi amayi kumoto. Tikuomola nsima m'mapoto akuluakulu aja, utsi uli tolo, mayi ena achikulire anandifunsa kwathu, mfunda wanga ndi kumene ndimapemphera. Nditati ndine Nabanda wa ku Dedza, anati, "Basi ndiwe mwana wanga." Lamlungu lotsatira anabwera okha kudzanditenga kupita kumphakati.

Mphakatiwo ndi umene wandithandiza kwambiri. Timakumana m'makomo mosinthana, ndipo ukalowa m'nyumba ya mnzako umadziwa amene akudwala, amene ntchito inawathera, amene mwana wabwezedwa kusukulu chifukwa cha fizi. Zoterezi sungazimve pongopatsana moni pakhomo la tchalitchi.

Za banki mkhonde ndayamba ndadikira kaye. Gulu la kuno limagawana mu Disembala, ndiye ndidzalowa akamadzayambiranso.

Chatsala n'cha amuna anga, amene amaweruka usiku. Abambo anzawo angawapeze kuti?