Bledi ya kumbuyo kwa thalakitala yang'ambikanso pamene tinawotcherera

Woyang'anira makina pa esiteti, Kasungu:
Akuluakulu, ndikupempha nzeru pa bledi yathu yosalazira misewu ya m'munda, imene timamanga kumbuyo kwa Massey Ferguson 290. Mvula itasiya, dalaivala ankakonza msewu wopita ku zigafa ndipo anagunda chitsa cha muwanga chomwe chinali chitakwiririka ndi dothi. Chitsulo chachikulu chochokera pa felemu ya mapini atatu kukafika pamene bledi imazungulira chinang'ambika, ndipo mpeni wa m'munsi unathyoka pa bawuti ya kumapeto. Tinawotcherera ndi ndodo za 6013, koma mng'alu wabwereranso m'mbali mwenimweni mwa pamene tinawotchererapo. Kodi tiwotchererenso, kapena tidule chitsulocho n'kuika china?

Wowotcherera zitsulo, Kanengo:
Bambo, ngati chitsulocho sichinapindike musachidule. Mng'alu ukabwerera m'mbali mwa pamene munawotcherera, kawirikawiri ndiye kuti munangophimba pamwamba pomwe mkati munali mukadali mong'ambika. Tsukani bwino, mupeze pamene mng'aluwo wathera mbali zonse ziwiri, ndipo mubowole kabowo kakang'ono pa nsonga iliyonse kuti usapitirire. Kenako mugobe ndi gilayinda njira yonse ya mng'alu kuti pakhale ngalande yooneka ngati V, yofika pansi penipeni, n'kuchotsa zonse zimene munawotcherera poyamba.

Ndodo za 6013 n'zabwino pa mageti ndi mafelemu a mawindo, koma pa chitsulo chokhuthala chimene chimagwedezeka tsiku lonse gwiritsani ntchito 7018. Ndodo zimenezi zimadana ndi chinyezi, choncho mugule paketi yosatsegula ndipo muisunge pouma. Dziwaninso kuti makina owotcherera ang'onoang'ono a AC amavutika kuziyatsa, ndiye ndi bwino kupeza a DC. Tenthetsani chitsulocho pang'ono musanayambe, wotchererani mizere ingapo yopyapyala m'malo mwa umodzi wonenepa, ndipo mukamaliza muchisiye chizizire chokha. Musathirepo madzi ngakhale dalaivala akukufulumizitsani, chifukwa chitsulo chozizira mwadzidzidzi chimauma ndipo sichichedwa kusweka.

Pomaliza muike chigamba cha pulaiti mbali zonse ziwiri, chodulidwa mosongoka kumapeto. Chigamba cha makona anayi chimakukakamizani kuwotcherera mopingasa chitsulo chachikulu, ndipo mzere wopingasawo ndi umene umadzakhala mng'alu wina.

Makaniko wa mathalakitala, Mchinji:
Ndikugwirizana ndi achimwene a ku Kanengo pa kawotchereredwe, koma ine ndikukayika ngati chitsa chokha ndicho chinayambitsa vutoli. Bambo a ku Kasungu, tayezani mapini a bledi yanuyo. Mapini omangira zida ku thalakitala amagawidwa m'magulu otchedwa Category malinga ndi kukula kwake. Mapini a m'munsi a Category 1 ndi a mamilimita 22, pomwe a Category 2 ndi a mamilimita 28. Pa top link, mkono wa pamwamba wolumikiza bledi ku thalakitala, ndi 19 ndi 25. Mabledi ena amene amagulidwa ogwiritsidwa kale ntchito ndi a Category 1, opangidwira mathalakitala ang'onoang'ono, pomwe 290 ndi thalakitala yamphamvu imene mikono yake imalandira Category 2. Mukalowetsa pini ya 22 m'bowo la 28 popanda bushi (kachitsulo konga paipi kodzaza mpata wa pakati pa pini ndi bowo) pamatsala mpata wa mamilimita 6, ndipo nthawi iliyonse imene bledi yakhudza nthaka n'kuisiya felemu imamenyedwa ngati ndi hamala. Kumenyedwa kumeneko kumatopetsa chitsulo pang'onopang'ono, kotero kuti chitsa chimangomaliza ntchito imene inayamba kale. Muyang'ane mkati mwa mng'aluwo musanagobe: ngati mbali ina ili ndi dzimbiri ndipo ndi yosalala pomwe ina ikuwala, mbali ya dzimbiriyo ndi yakale.

Woyang'anira makina pa esiteti, Kasungu:
Ndayeza, ndipo mapini ndi a 22, mabushi palibe. Mabowo a pa felemu nawonso akula ndipo sakuoneka ozungulira bwino. Mkati mwa mng'alu muli dzimbiri kupitirira theka. Nanga mpeni uja, kodi tingaulumikize ndi 7018 yomweyo kuti tisagule wina?

Wowotcherera zitsulo, Kanengo:
Mpeni musauwotcherere, bambo, mungotaya ndodo ndi nthawi. Chitsulo chake n'cholimbitsidwa ndi moto ku fakitale kuti chisaperepeseke msanga, ndipo chikawotchereredwa chimasweka m'mbali mwa pamene chapsa. N'chifukwa chake anachimanga ndi mabawuti. Ngati chidutswa chothyokacho n'chachifupi mukhoza kugwira ntchito ndi chotsalacho kwa kanthawi, bola thupi la bledi lisakhudze nthaka, koma muitanitse mpeni wina mutayeza mtunda wa pakati pa mabowo. Mugule ndi mabawuti ake a mutu wolowa mkati, chifukwa mabawuti wamba amadyeka mitu ndipo mpeni umayamba kugwedera. Pa mabowo a felemu amene akulawo, abowoleni kuti azungulire bwino, muwotchereremo mabushi achitsulo, kenako muike mapini a Category 2.

Dalaivala wopuma pa ntchito, Mzimba:
Ana anga, ndiwonjezere za kayendetsedwe, chifukwa felemu ya Category 1 ikhalabe yopepuka pa 290 ngakhale mutaikonza bwino chotani. Posalaza msewu dalaivala agwiritse ntchito position control, chowongolera chimene chimasunga bledi pa msinkhu umodzi, ayende pa giya yaing'ono, ndipo azidula dothi pang'onopang'ono maulendo angapo bledi itapendekeka, kuti ikakumana ndi mwala kapena chitsa izitha kutsetsereka. Matcheni a m'mbali akhale omangika mofanana kuti mikono isagunde matayala. Chimene ndimaletsa kwambiri ndi kutembenuza bledi n'kumakankha chitsa kapena chulu chobwerera m'mbuyo, pakuti mikono ya thalakitala inapangidwa kuti izikoka, ndipo ikamakankha imapindika. Muonenso top link ndi mikono yonyamulira ngati sizinapindike tsiku lija.

Woyang'anira makina pa esiteti, Kasungu:
Zikomo kwambiri nonse. Top link ndi yowongoka, koma mkono wonyamulira wa kumanja wapindika pang'ono ndipo tiusintha. Bledi tikuitumiza kwa wowotcherera amene ali ndi makina a DC kuti akonze mng'alu ndi mabowo nthawi imodzi, mpeni taitanitsa kale, ndipo zitsa zotsala mumsewu uja anyamata azikumba ndi makasu thalakitala isanabwerereko.