Akufa a m'sewero lathu sakusiyana ndi amoyo, tichite bwanji?

Naphiri, Ulongwe: Anzanga olemba masewero a pawailesi, ndapanikizika. Sewero la mudzi wa akufa lija tajambula zigawo 2 mwa 12. Dzulo ndinawaikira amayi ogulitsa mbatatesi pamsika kuti amvetsere, ndipo palibe ndi mmodzi yemwe amene anazindikira kuti wamoyo ndi uti, wakufa ndi uti. Likanakhala la pabwalo tikanawapaka phulusa, koma phulusa pawailesi silimveka. Tijambulanso Lolemba.

Bambo Jere, Domwe: Mayi, chilichonse chimene mungachite, echo, mawu obwerera ngati a m'phanga aja, musaike. Ndinayesapo ine. Mu situdiyo imakoma, koma pa kawailesi ka mabatire mawu amamveka ngati munthu wagwera mumgolo, agogo n'kutseka wailesi. Tsegulani Audacity, pulogalamu ya pa kompyuta yokonzera mawu, mudule kupuma konse kwa akufawo. Wamoyo amakoka mpweya asanayambe kulankhula, wakufa asakoke. Omvera sadzadziwa chimene chasowa, adzangochita tsemwe. Kumudzi kwawoko kusamvekenso tambala kapena mbuzi.

Naphiri: Chigawo chilichonse ndi cha mphindi 15, bambo. Mukufuna ndifere pa kompyuta?

Bambo Jere: Mukafa mudzatilembera za kumeneko mutaziona ndi maso.

A Banda, Furancungo: Makina okha sangathetse vutoli. Anthu anuwo akulankhula ngati ife, n'chifukwa chake sakudziwika. Apatseni kalankhulidwe kawo. Ine ndikanangotembenuza zonse: kwa iwo kufa ndiko kubadwa. Adzukulu okumba manda aziwatchula azamba, poti ndi amene amawafikitsa. Bokosi likhale chikuta. Ife amoyo tikhale "ofunda". Moni wawo: "Mwazizira bwanji?" Wina: "Tazizira, kaya anzathu." Munthu akangomva moni umenewo, wadziwa kale kumene ali.

Mayi Nangozo, Tsangano: A Banda mwandiseketsa mpaka mwana wadzuka. Koma mwatsegula njira yabwino, tiyeni tiitsate mpaka kumapeto. Ngati kufa ndi kubadwa, zaka aziwerenga kuyambira tsiku loikidwa. Nkhalamba ya zaka 80 yomwe yaikidwa sabata yatha ndi khanda. Kamtsikana komwe kanamwalira kalekale, nthawi ya atsamunda, ndiko nyakwawa. Tangoganizani mawu okalamba akunena "zikomo agogo, ndamva", kenako mawu a mwana n'kuyankha "khala pansi iwe". Kwathu kuno khutu silingaphonye zimenezo. Ulemu ukatembenuka munthu amasiya kusenda mbatatesi n'kuyang'ana wailesi.

Mwambo wawonso umangidwe pa zimene ife amoyo timachita, chifukwa omvera akuzidziwa kale. Wofika kumene asalankhule pabwalo mpaka abale ake atameta. Asapatsidwe malo omanga mpaka kwawo atafulula mowa wa bona. Ufa wa nsembe ukathiridwa patsinde pa mtengo, iwo aziti "kumunda kwacha". Ndiye pamenepo nkhani yapezeka yokha: bambo wina ana ake anapita ku migodi ya malasha ku Moatize, sakubwera kudzafulula mowa, iye zaka zikungopita ali khanda, anzake amene anafika pambuyo pake akumutuma. Ndani sangamumvere chisoni?

Naphiri: Bambo ameneyu ndamutenga, alowa chigawo chachitatu. Nanga chimene amaopa n'chiyani? Munthu wakufa kale sungamuopseze ndi mpeni.

Mayi Nangozo: Kuiwalika. Dzina lake likasiya kutchulidwa kuno, mawu ake azichepa mpaka zii. Iwo aziti "wasuluka". Khanda likabadwa kuno n'kupatsidwa dzina lake, kumeneko kukhale nthungululu.

Bambo Jere: Kusuluka ndiye kosavuta, ndizingomutsitsira voliyumu pang'onopang'ono chigawo ndi chigawo.

Chikondi, Zobwe: Akuluakulu, ine ndine watsopano pantchitoyi koma ndiyankhuleko. Bwanji osangobwereka mawu a kudambwe? Zilombo paja amati ndi mizimu ya makolo, ndiye chinenero chilipo kale. Muikemonso ndondocha, achinyamata amazikonda zoopsa.

A Banda: Mwana wanga, za kudambwe uzisiye komweko. N'zoona kuti UNESCO, nthambi ya United Nations yoona za maphunziro ndi chikhalidwe, inalemekeza Gule Wamkulu mu 2005, wa kuno ku Mozambique pamodzi ndi wa ku Malawi ndi ku Zambia, koma sizikutanthauza kuti zinsinsi zake zasanduka za pamsika. Ukaulutsa mawu amenewo, mafumu adzakhala atafika pawailesi chigawo chisanathe, ndipo adzakhala akukhoza. Mawu opeka tokha palibe amene angatiimbe nawo mlandu.

Mayi Nangozo: Za ndondocha ndikukana kwambiri kuposa za gule. Mudzi wa akufa aliyense akudziwa kuti ndi nthano. Ndondocha anthu amakhulupirira kuti zilipodi, kuti wachuma amapha m'bale wake m'matsenga kuti azimulimira usiku. Ukaika zimenezo m'sewero, mawa wina aloza chala mlimi amene wakolola matumba ambiri. Iwe uli pamalire pomwepo, sunaiwale za anamapopa mu 2017, mmene anthu anaphedwera ku Mulanje ndi ku Phalombe chifukwa cha mphekesera chabe.

Chikondi: Ndamva amayi, ndabweza.

Naphiri: Ndabweranso. Tajambula lero, ndipo amayi a pamsika aja atangomva moni anafuula kuti "awa ndi akumanda!" Mmodzi wayamba kale kupatsa anzake moni wa mwazizira bwanji. Koma pabuka china. Kamtsikana kathu ka zaka 11 komwe kakusewera nyakwawa kakukanitsitsa kunena "iwe" kwa agogo amene akusewera khanda. Kakafika pa mawuwo kakungoyang'ana pansi, kenako n'kunena "inu". Tabwereza kasanu. Agogowo akauza okha kuti palibe mlandu, koma ayi ndithu.

Bambo Jere: Musakakakamize, kanaleredwa bwino. Agogowo atuluke, akakhale panja pomwe sikakuwaona. Pamaikolofoni inayo muimike mnzake wamsinkhu wake aziwerenga mizere ya agogo, kamuuze "iwe" mmene kangafunire. Mawu a agogo mujambule paokha madzulo. Munditumizire mafailo onse awiri, ndilumikiza ndine.