Kachipangizo koyezera sickle cell: tigule tsopano kapena tidikire?

Mlembi wa gulu: Azibambo ndi amayi, komiti yabweretsa ganizo loti tigulire chipatala kachipangizo koyezera sickle cell (nthenda ya magazi yotengera kwa makolo), kaja kogwiritsa ntchito pepala ndi magetsi, kotchedwa electrophoresis. Ena akuti tigule mwezi uno, ena akuti labu imatentha kwambiri. Amene ntchitoyi mumaidziwa tiunikireni tisanavote.

A Mbewe: Zikomo a Mlembi. Tiyambe ndi mmene kamagwirira ntchito. Magazi amasungunulidwa kuti hemoglobin, puloteni yonyamula oxygen, ituluke m'maselo ofiira, kenako kadontho kamaikidwa pa pepala la cellulose acetate lonyowetsedwa ndi madzi a mankhwala otchedwa buffer. Kawirikawiri imakhala TBE, ndiye kuti Tris, borate ndi EDTA, ndipo pH yake (muyezo wa asidi: asidi akachuluka nambala imatsika) imakhala pakati pa 8.4 ndi 8.6. Pa pH imeneyo hemoglobin yonse imathamangira kumbali ya pulasi, koma liwiro limasiyana. Mitundu ya hemoglobin imatchulidwa ndi zilembo: A yabwinobwino imatsogola, F imatsatira, kenako S ya sickle cell, ndipo C ndi A2 zimatsalira kumbuyo. S imachedwa chifukwa pa malo a nambala 6 a tcheni cha beta, chomwe ndi gawo la hemoglobin, pali kachidutswa kotchedwa valine m'malo mwa kena kotchedwa glutamic acid, choncho magetsi amaikoka mofooka. Kusiyana konseku ndi mamilimita ochepa chabe papepala. pH ikasuntha, mamilimita aja amatha.

Mayi Nkhoma: A Mbewe afika pamene pali nkhani. pH imasuntha yokha kuyeza kuli mkati, popanda wina kulakwitsa. Magetsi akamadutsa m'madzi amawaphwanya: kumbali ya pulasi kumatuluka oxygen ndipo madzi amasanduka a asidi, kumbali ya mainasi kumatuluka hydrogen ndipo pH imakwera. M'thanki yaikulu ya ku labu buffer ndi yochuluka, imameza zonsezo. M'kachipangizo kakang'ono muli timadontho tokha, ndiye buffer siichedwa kugonja. Tsono hemoglobin ikuthamangira komweko kumene asidi akuchokera. A imasiya kuyenda pH ikatsika kufika pafupi ndi 7.0, ndipo S imaima pafupi ndi 7.2. Asidi akalowa papepala, mzere wakutsogolo ndiwo umayamba kuchedwa, wakumbuyo n'kuupeza. Mwana wa AS, amene ali ndi A ndi S yomwe, angathe kuoneka ngati ali ndi mzere umodzi wonenepa. N'chifukwa chake nthawi imene opanga analemba siyowonjezera. Ngati anati mphindi 8, zikhale 8.

A Gondwe: Koma mayi, zipangizo zatsopanozi, monga Gazelle ya Hemex Health, zimagwiritsa ntchito katiriji (kachotengera kokhala ndi pepala lija) imodzi pa munthu mmodzi, kuyeza kukatha n'kutaya. Buffer siibwerezedwa. Kodi sitikuopa chinthu chimene anachikonza kale?

Mayi Nkhoma: Mbali imeneyo ndiyabwinodi achimwene, ndipo ndikuvomereza kuti ikhale mfundo yoyamba posankha. Koma buffer ya m'botolo imaonongekanso isanafike pa katiriji. Botolo likasiyidwa chitsegukire limamwa carbon dioxide wa mumpweya, pH n'kutsika pang'onopang'ono, madzi akuoneka oyera bwinobwino.

A Chirwa: Ine ndikambe za kutentha, poti ndi pamene komiti yagawanika. Kutentha kumachokera kuwiri, m'chipinda ndi m'pepala momwe. Mphamvu yotenthetsa pepala ndi mavolti kuchulukitsa ndi magetsi odutsa. Mwachitsanzo mavolti 250 ndi mamiliampu 2 zikupereka theka la wati. Kumva ngati zochepa, koma zonsezo zili pa kapepala konyowa kofanana ndi chala. Madzi akayamba kuuma mchere umachuluka, magetsi amadutsa ambiri, pepala n'kutentha koposa, n'kuumanso msanga. Buffer imakokedwa kuchokera kumapeto onse awiri kulowa pakati pamene pakuuma, ndipo mayendedwe amenewo amakankha mizere. Zotsatira zake ndi mizere yopindika kapena yofalikira ngati inki pansalu.

Chachiwiri, digiri iliyonse ikakwera hemoglobin imathamanga pafupifupi 2 peresenti kuposa kale, chifukwa madzi amapepuka. Chachitatu ndi Tris yemweyo: pH yake imatsika pafupifupi 0.03 pa digiri iliyonse. Buffer ya Tris yokonzedwa pa madigiri 25 ikagwiritsidwa ntchito pa madigiri 35 yatsika kale ndi pafupifupi 0.3, magetsi asanayatsidwe n'komwe. Muwonjezerepo asidi amene anena mayi Nkhoma.

A Gondwe: Ndiye tigule eyakoni kaye?

A Chirwa: Ayi, si msanga choncho. Tigule thermometer yosunga nambala yapamwamba ndi yapansi, ipachikidwe pamene makina adzakhale, alembe kwa milungu iwiri m'nyengo yotentha. Kenako tifunse ogulitsa atipatse polemba malire a kutentha ogwiritsira ntchito makina, ndi ena osungira makatiriji ndi buffer, chifukwa amasiyana. Mwina kungoyeza m'mawa, kutali ndi windo, kukwanira. Buffer ikachokera m'furiji idikire ifanane ndi chipinda.

A Mbewe: Pa bajeti paonjezedwe control ya AFSC, magazi okonzeratu okhala ndi mitundu inayi yonse, A, F, S ndi C. Iyezedwe tsiku lililonse loyeza komanso potsegula bokosi latsopano. Mizere inayi ikapanda kulekana bwino, za odwala zisaperekedwe. Magazi akhale m'machubu a EDTA oletsa magazi kuundana, pa madigiri 2 mpaka 8, osapitirira sabata, chifukwa okhalitsa amasiya mchira papepala. Ndipo ngakhale pH ili bwino, mitundu ina ya hemoglobin imasokoneza: D ndi G zimaima pamodzi ndi S, pamene E imaima pamodzi ndi C. Zimalekana pa njira zina zoyezera, monga citrate agar ya pH 6.0 mpaka 6.2 kapena makina a HPLC, choncho pakhale labu yaikulu yotsimikizira. Amene anaikidwa magazi m'miyezi 3 yapitayi adikire, apo ayi A ya wopereka magazi ibisa SS, yomwe ndi nthenda ya sickle cell.

Mlembi wa gulu: Ndalemba zonse. A Chirwa, titumizireni mafunso opita kwa ogulitsa pofika Lachisanu. Thermometer ndipempha a Msungichuma atulutse ndalama yake mawa, voti ya makina tiikankhire kumsonkhano wotsatira.

A Gondwe: Pa mafunsopo muikeponso loti control ya AFSC amagulitsa okha kapena tikaifuna kwina, ndi kuti ikatsegulidwa imakhala masiku angati.