Tasankha koleji ya boma, zikomo nonse

Zikomo nonse amene munandiyankha nditafunsa ngati mwana wanga akaphunzire zauinjiniya kukoleji ya boma kapena yapulayiveti. Ndinatsatira malangizo a mayi aja amene anati ndisamangoyang'ana fizi, koma ndiwerengere zonse mpaka chaka chomaliza: malo ogona, mabuku, laputopu. Nditatero, yapulayiveti inapitirira thumba langa kutalitali.

Tinakaziwonanso tokha. Yapulayivetiyo nyumba zake n'zokongola ndithu, koma makina ophunzirira ndi ochepa. Nditafunsa ngati digiri yawo ndi yovomerezeka ndi bungwe loyang'anira mainjiniya, anangozungulirazungulira. Apo ndinagwa mphwayi.

Mwanayo wayamba kuboma. Akudandaula kuti m'kalasi mumadzaza, koma maphunziro akuyenda. Inu amene mukusankha, funsani za kuvomerezekako musanalipire, ndipo mucheze ndi ophunzira a chaka chachitatu, osati a muofesi okha.