Za zala za Asiyatu

Amalume a ku Joni: Chemwali, chithunzi cha zala za Asiyatu mwatumizachi chandisowetsa tulo. Zala zitatu mbee, zinazo zili bwinobwino. Zimayamba bwanji?

Mayi a Asiyatu: Achimwene, zimayamba m'mawa akamatsuka mbale kunyanja, makamaka mwera uno. Zimayera kaye, kenako kuda bii, zikamabwerera zimafiira iye n'kumalira kuti zikubaya. Zakumapazi chimodzimodzi.

Azakhali a ku Zomba: Alamu, monga namwino ndinene kuti zikufanana ndi zomwe madokotala amati Raynaud. Timitsempha ta m'zala timafinyika mwadzidzidzi kukazizira kapena mwana akachita mantha, magazi osafika kunsonga. Kwa ambiri n'zosaopsa, koma wa zaka 8 ayezedwe magazi, poti nthawi zina zimabwera ndi matenda ena ngati lupus, pomwe chitetezo cha m'thupi chimalimbana ndi thupi lomwelo. Mumuone ngati ali ndi tizilonda kunsonga za zala, mfundo zotupa kapena zidzolo kumaso.

Agogo: Ine ndimati timuteme mphini. Mwana wa ku Mangochi kuno angadwale kuzizira?

Azakhali a ku Zomba: Amayi, mundikhululukire, mphini ayi. Pomwe magazi sakuyenda bwino bala limachedwa kupola. Asamayandikitsenso manja pamoto, chala chadzanzi sichimva kupsa. Madzi ofunda basi, kapena apise manja m'khwapa. Ndipo achimwene anga fodya wawoyo azikasutira kutali, utsi umafinyanso mitsempha.

Bambo a Asiyatu: Ndamva chemwali, musandiyalutse pagulu.

Mayi aang'ono: Mbalezo azitsuka anyamata aja, angokhalira mpira. Ine mawa ndikafufuza magolovesi ndi masokosi okhuthala pakaunjika.

Amalume a ku Joni: Ndiye tipangane. Lolemba apite kuchipatala cha boma. Thiransipoti ndi yanga, nditumiza Lachisanu pa Mukuru. Enanu sonkhani ya kamba ndi yapadera, mwina angawatumize ku Zomba kapena ku Queens.

Azakhali a ku Zomba: Akawatumiza kuno agonera kwathu. Alamu, mutenge buku lake la kuchipatala ndi foni yomwe muli zithunzi, chifukwa pofika kwa adokotala zala zimakhala zitabwerera kale. Muzilembanso tsiku lomwe zachitika komanso mphindi zomwe zatenga. Chala chikangokhala chakuda osasintha, musadikire Lolemba.

Agogo: Nanga ang'onoang'ono awiriwa atsala ndi ndani?

Mayi aang'ono: Ndiwatenga Lamulungu madzulo. Zosonkha muponye pa Mpamba yanga pofika Loweruka, mayina ndilemba pompano.