Za gitala ya bezi ija, nkhani yafika apa

Akuluakulu, paja ndinafunsa kuti kwaya yathu ya kutchalitchi kuno ku Johannesburg igule bezi yotchipa kapena tisonkhe kaye mpaka tikwanitse yodula ngati Fender. Tinangogula yotchipa basi, yogwiritsidwa kale ntchito, thumba silinalole.

Kalilidwe kake ndi kabwinobwino ikalowa mu amp, chokuzira mawu chija, zomwe zavuta ndi tizinthu ting'onoting'ono. Kabowo kolowetsa chingwe kanayamba kugwedera, woimba akangosuntha pang'ono phokoso lokhalokha pakati pa nyimbo, tokwezera voliyumu natonso kumangoti khrrr ukamapotokola. Mkulu wina wokonza magitala anamangitsa kanati kake, kuwotcherera waya m'modzi, kupopera mankhwala otsukira za magetsi otchedwa contact cleaner, zinatheka. Chachikulu ndi khosi lake. Nthawi yozizira kuno mpweya umauma kwambiri, June July uja, thabwa limafota ndiye timapeto ta mafreti, tizitsulo topingasa pakhosi pa gitala, tinatulukira m'mbali kumakanda chala, zingwe nazo kumakhula pa mafreti. Mkulu uja anapotokola pang'ono zedi truss rod, chitsulo cha mkati mwa khosi chowongolera khosilo, kupala timapeto tija ndi fayilo, nkutiuza kuti mvula ikayamba tidzapite nayonso aione. Achimwene ena a ku Rosettenville ali ndi Jazz Bass yeniyeni, bezi ya Fender, akuti nayonso khosi limasuntha nyengo ikasintha, kungoti makiyi ochunira sathawathawa, komanso ukafuna kuigulitsa mtengo wake sugwa kwambiri.

Kwa ife oimba Lamulungu lokha ine ndikuona kuti yotchipayi ikukwana, bola kupukuta thukuta pa zingwe tikamaliza, komanso osaisiya m'galimoto padzuwa. Zingwe zatsopano tigula anthu akalandira kumapeto kwa mwezi.